Mamendulo a agogo ako usagulitse

Mwana wanga wokondedwa,

Ndikhulupirira kuti mukudzuka bwino kumeneko ku Johannesburg, iwe, mpongozi wanga ndi adzukulu. Kuno ku Zomba tilipo, kungoti dzuwa la Okutobala latiwamba. Mwendo wa mayi ako ukuvutabe, koma kutchalitchi akufika.

Uthenga wako ndinaumva. Sindinayankhe pa WhatsApp chifukwa ndimadzidziwa, pafoni ndimafulumira kukweza mawu, ndiye ndati ndikhale pansi ndilembe. Ukuti pali munthu pa Facebook amene amagula zinthu zakale zankhondo, ndipo akufuna mamendulo a agogo ako amene unatenga titamanga chiliza chawo. Ukuti ndalama yake ingakulipirire lendi ya mwezi wathunthu, pomwe mamendulowo akungochita dzimbiri m'kabati. Lendi ndi nkhani yeniyeni, sindikuipeputsa. Koma yankho langa ndi lakuti ayi, usagulitse. Chifukwa chake ndi chotalikirapo, choncho undipirire.

Uwatulutse mamendulowo, uwatembenuze. Uyang'ane kumbuyo kwa nyenyezi ija ya Burma Star, uyang'anenso m'mphepete mwa yozungulirayo. Supezapo dzina. Palibe nambala, palibe mudzi, palibe mfumu. Chimene chimachititsa kuti akhale a agogo ako ndi chakuti ife tikudziwa chifuwa chimene ankapachikidwapo. Tsiku limene adzalowe m'manja mwa wogulayo adzasanduka zitsulo wamba, zofanana ndi zikwizikwi zina zimene anthu amagulitsana. Iye adzapeza chitsulo, ife tidzataya munthu.

Ukukumbukira mmene ndinkakutengera ku chipilala cha asilikali uli wamng'ono? Nsanja ija ya njerwa zofiira pafupi ndi Cobbe Barracks. Chaka chilichonse, Lamlungu lachiwiri la Novembala, tauni yonse imakhamukira kumeneko. Asilikali amaguba, akuluakulu aboma ndi akazembe amayala nkhata zamaluwa, nthawi ikakwana 11 koloko onse amakhala chete kwa mphindi ziwiri, kenako lipenga n'kulira. Iwe unkangofuna kuona bandi. Ine maso anga ankakhala pa mzere wa nkhalamba za King's African Rifles, a Keyala monga makolo ankawatchulira, zitakhala pamipando ndi majekete otuwa koma ositidwa bwino, kaduwa kofiira pachifuwa. Agogo ako ankakhala pamzere umenewo. Kale unali wautali. Masiku ano amene anamenyadi nkhondo yachiwiri ya padziko lonse ungawawerenge ndi zala, pakuti amene anali mnyamata wa zaka 18 mu 1944 lero ali ndi zaka pafupifupi 100.

Mwambowo ndimaukonda ndipo sindijomba. Koma ndakalamba mokwanira kuti ndinene poyera kuti ndi mwambo wa boma ndi wa asilikali. Umakumbukira magulu ankhondo ndi malo amene anamenyera. Sungakuuze kuti agogo ako sankagona mvula ikamagunda pamalata usiku, kuti ankadzuka n'kukakhala pakhonde mpaka kucha. Zimenezo palibe nduna imene idzazinene pa maikolofoni. Zili m'nyumba mwathu mokha.

Ndipo nkhondo inalowa m'banja mwathu kawiri, osati kamodzi. Izi mwina sindinakuuzepo bwino.

Koyamba inali nkhondo ya 1914, imene akuluakulu ankaitchula kuti ya Chiwaya, potengera mfuti ija yolavula zipolopolo mosalekeza. Anthu ambiri amaganiza kuti inali nkhondo ya ku Ulaya kokha, koma inafika pakhomo pathu penipeni. Pa 13 Ogasiti 1914 sitima ya Angelezi ya Guendolen inawombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann ku Sphinxhafen, kumene lero ndi ku Liuli, tsidya la Tanzania la nyanja yathu. Mfuti ya Guendolen mpaka lero ili ku Mangochi, pafupi ndi nsanja ya wotchi, ndipo anthu amangoidutsa popita kumsika. Pa 9 Seputembala chaka chomwecho Ajeremani anatsika kudzaukira Karonga, ndipo anthu anafa ambiri, ochuluka mwa iwo akuda anzathu a mbali zonse ziwiri. Imfa za ku Karonga zimenezi n'zimene zinamuwawa John Chilembwe mpaka kulemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times, kufunsa chifukwa chimene amphawi opanda kanthu akutengedwera kukafera nkhondo imene si yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana. Patangopita miyezi iwiri, pa 23 Januwale 1915, anaukira. Ana amaphunzira za Chilembwe kusukulu ngati nkhani yapayokha, osadziwa kuti muzu wake wina uli m'nkhondo yomweyi.

Agogo anga, bambo a agogo ako, sanagwire mfuti. Anali mtengatenga. M'dziko muno amene analowa usilikali pa nkhondo imeneyo anali pafupifupi 19,000, koma amene anasenza katundu anali pafupifupi 200,000, m'dziko limene panthawiyo anthu ake anali kungopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Taganiza, ndi mudzi uti umene unatsala? Kumene kunkamenyedwa nkhondo kunalibe misewu ya galimoto, ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe, ndiye chakudya, zipolopolo, mahema, zonse zinkayenda pamitu ya anthu. Amesenjala aboma ankafika m'midzi, nthawi zina usiku, ndipo mfumu yolephera kupereka amuna inkaona zakuda. Agogo angawo anagwidwa akuchokera kudimba. Anasenza mabokosi kuchokera kunyanja kukwera mapiri a ku Tanganyika, opanda nsapato, chakudya chochepa, anzawo akugwa m'njira ndi kamwazi. Iwo anabwerako. Mng'ono wawo, amene anatengedwa tsiku lomwelo, sanabwerere, ndipo palibe anadziwa pamene anagona. Nkhondo itatha mu Novembala 1918 kunabweranso fuluwenza, kudzakolola otsala.

Mayina amene ali pachipilala ndi a asilikali. La mng'ono wa agogo anga sungalipeze pamenepo, kapena pamwala wina uliwonse. Mu 2021 bungwe losamalira manda a nkhondo la Commonwealth War Graves Commission linavomereza lokha kuti anthu osachepera 116,000, mwina mpaka 350,000, ambiri a iwo Aafirika, sanakumbukiridwe ndi mayina awo monga anachitira ndi azungu, ndipo linapepesa. Nditamva pa wailesi ndinangoti, chabwino, mwapepesa, nanga dzinalo mulitenga kuti? Ine ndekha sindilidziwa bwino. Ndimadziwa la kunyumba lokha, limene ankamuitanira ali mwana. Amene akudziwa dzina lake lonse ndi munthu mmodzi padziko pano: azakhali ako aakulu.

Apa ndi pamene ndikufuna undimvetsetse, chifukwa ine ndinalakwitsa ndipo sindikufuna ubwereze.

Agogo ako anapita ku nkhondo yachiwiri ali mnyamata. Anakwera sitima yapamadzi ku Mombasa, anakakhala ku Ceylon, ndipo mu 1944 analowa m'Burma ndi gulu la 11th East African Division. Anatsika chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yamphamvu, pamene magulu ena ankati m'nyengo yotero simumenyedwa nkhondo, mpaka kukafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin mu Disembala. Izi zonse ndinazidziwa powerenga, iwo atamwalira kale. Ndinakhala nawo zaka zoposa makumi anayi, ndipo sindinawafunsepo ngakhale tsiku limodzi. Ndili mwana ndinkawaopa. Nditakula ndinatanganidwa ndi ntchito ndi kulera inu. Ndinkati ndidzakhala nawo pansi ndikadzapuma pantchito. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Ndinapuma iwo atagona kale kumanda zaka zisanu ndi chimodzi.

Amene anamva ndi azakhali ako, chifukwa ndi amene anawadwazika miyezi yomaliza. Munthu akayandikira ulendo pakamwa pamamasuka. Anawauza za misundu imene inkalowa m'nsapato, za malungo amene anagwetsa anthu ambiri kuposa zipolopolo za Ajapani, za mnzawo wa ku Ntcheu amene anamukwirira m'matope ndi manja, za mmene anaonera koyamba mzungu akulira ngati mwana n'kuzindikira kuti nayenso ndi munthu wamba. Anawauzanso za mkwiyo wawo pobwera, atapeza kuti zimene ankayembekezera kulandira sizinali monga anawalonjezera, ndipo msonkho ukuwadikira ngati sanachoke. Nkhani za mtengatenga nazonso azakhali anazimva kwa agogo aakazi, akusenda chimanga pakhonde. Ine ndimangogwira zidutswa. Iwo ali nazo zonse, motsatana, ndi mayina a midzi.

Tsono azakhali akowo chaka chino akwanitsa zaka 78. Maso achita khungu, koma mutu uli bwinobwino. Mwezi wathawu anandifunsa kuti, kodi ana anuwa alipo amene amafuna kumva zakale? Ndinasowa choyankha.

Pempho langa ndi ili. Bwera mu Novembala, ngakhale kwa sabata imodzi, ndipo ubwere ndi mamendulowo. Lamlungu tikapita limodzi kuchipilala, iwe ndi mwana wako wamkulu, akaone kumene agogo a bambo ake ankakhala. Kenako Lolemba tikwera minibasi kupita kumudzi. Foni yako ija imajambula mawu bwino kuposa yanga. Ukakhale nawo azakhali masiku awiri kapena atatu, osathamanga. Usakawafunse ngati wapolisi. Munthu wamkulu safunsidwa kuti chinachitika n'chiyani mu 1944, sadziwa zaka motero. Ukawapatse mendulo aigwire m'manja, ukawafunse kuti agogo ankakonda kudya chiyani atabwera, ankaimba nyimbo yanji akamasema mpini, n'chifukwa chiyani sankapita kukaonera beni ngakhale anzawo onse ankapita. (Paja beni, mganda ndi malipenga, magule onsewa kaguba kake ndi kavalidwe kake n'zotengera kwa asilikali, agogo ako ng'oma yake ikangoyamba ankalowa m'nyumba.) Ukayamba choncho, zina zonse zidzatuluka zokha. Akakhala chete, nawenso ukhale chete. Akalira, usazimitse foni msangamsanga, koma ukawafunse pambuyo pake ngati akulola kuti mbali imeneyo isungidwe.

M'bokosi lachitsulo lija kunyumba kuno muli kabuku kawo kotulukira usilikali. Njenjete zadya m'mbali, koma nambala yawo ikuwerengeka. Muli chithunzi chimodzi atavala chipewa chopinda mbali imodzi, ndi makalata awiri amene analembera amayi awo, olembedwa ndi dzanja la munthu wina chifukwa nthawi imeneyo anali asanaphunzire kulemba. Zonsezi ukazijambule, pepala lililonse mbali zonse ziwiri, utumize kwa abale ako onse, ngakhale amene sakuonetsa chidwi lero. Chinthu chosungidwa m'nyumba imodzi moto umodzi umachimaliza. National Archives, nyumba ya boma yosungira zolembedwa zakale, ili konkuno ku Zomba, ndipo ndi nambala imeneyo tikhoza kukafunsa ngati pali china cholembedwa. Tikapeza, tapeza. Tikapanda kupeza, mawu a azakhali tidzakhala tili nawo.

Za lendi usadandaule kwambiri. Ndalankhula ndi mayi ako, tagwirizana kuti tigulitse mbuzi ziwiri, ndipo ndalama tikutumizira mwezi usanathe. Usakane, ndi zathu ndipo taganiza tokha. Wogula uja umuyankhe mwaulemu kuti eni ake akana.

Ukamabwera uwagulire azakhali chitenje ndi shuga, ndipo usaiwale pawabanki, kumudzi magetsi sanafikebe. Undiuze tsiku la basi kuti ndidzakuchingamire ku Blantyre. Mayi ako akuti upereke moni kwa mpongozi, ndipo akufunsa ngati wamng'ono uja wayamba kuyenda.

Ndine,
Bambo ako