Kalata yotseguka kwa Nduna ya Zamaphunziro: apatseni ana mabuku a nkhani zawo

Olemekezeka a Nduna,

Pempho langa ndi limodzi: mabuku ang'onoang'ono a nkhani, olembedwa m'zilankhulo zathu, oti mwana wa Sitandade 4 mpaka 8 aziwerenga yekha popanda nkhawa yoti akafunsidwa pa mayeso.

Mwana aliyense wotumidwa kuokala wagwirapo nkhope ya Mayi Rose Chibambo pa K200. Mufunseni kuti anali ndani, angokuyang'anani. Komatu nkhani yawo ndi yoti mwana sangaisiye pakati. Mu 1959 atsamunda anawamanga atangochira kumene, nalowa m'ndende ndi khanda m'manja. Ufulu utabwera mu 1964, mayi omwewo anasemphana ndi Kamuzu, nathawira ku Zambia, kumene anakhala zaka pafupifupi 30. Moyo umodzi, nkhanza za maboma awiri. Bwanji mtsikana wa ku Mzimba kapena ku Nsanje alibe kabuku kofotokoza zimenezi?

Za John Chilembwe ana amaloweza 1915, mishoni yawo ya PIM (Providence Industrial Mission) ndi tchuthi cha pa 15 Januwale, basi. Pali chithunzi cha mu 1914, chojambulidwa ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, pomwe Chilembwe waima ndi mnzake wachizungu, mmishonale John Chorley, chipewa chili kumutu. Nthawi imeneyo munthu wakuda ankayenera kuvula chipewa pamaso pa mzungu. Mu 2022 katswiri wathu Samson Kambalu anasandutsa chithunzicho chiboliboli chimene chinaimikidwa ku Trafalgar Square mumzinda wa London. Ndiye kuti anthu odutsa ku London anaimva nkhani ya chipewayo, pomwe ana ambiri a ku Chiradzulu komweko sanaiwerengepo. Mwana wa zaka 10 sangamvetse msanga za msonkho ndi thangata, koma chipewa amachidziwa. Amadziwanso kuti kuima pambali pa mnzako amene anthu akumunyoza kumafuna mtima.

Koma chonde, a Nduna, mabukuwa asakhale otamanda okhaokha. Kuukira kwa 1915 kunaphetsa anthu mbali zonse ziwiri, ndipo mwana wa Sitandade 7 ali ndi mutu wokwanira kufunsa ngati panali njira ina. Mabukuwa asathere pa 1964 ngati kuti kuponderezana kunachoka ndi azungu. Ndende ya Mikuyu inalipo. Dzaleka inali ndende ya anthu omangidwa pa zandale isanakhale malo a othawa kwawo mu 1994, ndipo lero kuli ana ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda, ena obadwira komweko, olankhula Chichewa ngati ife. Iwowa akawerenga, amadzipeza pati? Nanga mwana wachialubino amene anzake amamutchula mayina pa bwalo la sukulu? Nkhanza zimene mwana amakumana nazo kawirikawiri zimachokera kwa wamkulu wapafupi kapena kwa anzake a m'kalasi. Nkhani yabwino imamuonetsa kuti kukana n'kotheka popanda kumulalikira.

Zida muli nazo kale. Ku Domasi kuli Malawi Institute of Education, National Library Service ili ndi nthambi m'maboma, ndipo alembi ndi ojambula zithunzi alipo, ambiri akungosowa wowapatsa ntchito. Itanani mpikisano, lipirani opambana moyenera, sindikizani m'Chichewa, Chitumbuka, Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga, osaiwala zilembo za Braille.

Mabukuwo akafika pasukulu, lamulani kuti azibwerekedwa. Aphunzitsi aakulu ambiri amatsekera mabuku m'kabati poopa kuti akang'ambika kapena kusowa afunsidwa ndi akuluakulu. Auzeni molemba kuti buku lothera m'manja mwa ana si mlandu, ndipo ikani m'bajeti ndalama zosindikiziranso ena chaka chilichonse.

Ine wanu,
Kholo la ana a pulayimale