Musagule makina owotcherera a waya pongoona nambala ya pakatoni

Akonzi,

Ndipatseni kampata ndiyankhule ndi anzanga amene akusunga ndalama kuti agule timakina towotcherera ndi waya tija, anthu amati MIG, tomwe tadzadza masiku ano m'mahadiweya komanso pa Facebook. Ine si welda wa pamsika ayi, ndimagwira ntchito ya muofesi, koma kuseri kwa nyumba ndimaweta nkhumba ndi nkhuku ndiye sipatha mwezi china chisanathyoke, kaya chitseko cha khola, kaya mwendo wa wilibala, kaya hinji ya geti. Malume anandiphunzitsa kuwotcherera ndi marodi ndili mnyamata, vuto ndi loti masikweya chubu ambiri amene tikugula pano ndi opyapyala, 1.2 kapena 1.6 mm, ukangogunditsa rodi ya 2.5 mm basi chibowo, umatha tsiku ukutseka mabowo mmalo molumikiza. Apa ndi pamene makina a waya amathandiza chifukwa waya amatuluka yekha ukafinya tiriga ndipo moto wake umatha kuutsitsa bwinobwino.

Chimene chandilembetsa kalatayi ndi manambala a pakatoni. Mupeza kamakina kopepuka koti mwana anyamula, pambali alemba 250A kapena 300A, kutanthauza maampeya a moto wake, koma pulagi yake ndi yomweyi ya mano atatu yomwe timalumikizira ayironi. Tiyeni tiwerengere limodzi. Magetsi a m'nyumba zathu ndi 230V, fiyuzi ya mupulagi ndi 13A, mukachulukitsa mupeza mawatsi pafupifupi 3000 basi. Moto wowotcherera ndi waya umayenda pa mavoti cha m'ma 20, ndiye ngakhale pasatayike kalikonse simungadutse 150A, ndipo poti makina amatentha n'kutaya mphamvu ina, zenizeni zimathera cha m'ma 120 kapena 130. Nanga 300 ija ichokera kuti? Zimandiwawa kuona munthu akuwonjezera ndalama zake zokhetsera thukuta chifukwa cha nambala yoti soketi yake singapereke. Komanso 120A yoonayo ndi yokwanira kale pa geti, shelefu, mbaula ndi zitsulo za pawindo, mpaka chitsulo cha 4 mm chimagwira ngati mwachipala bwino.

Mmalo mwa katoni, tembenuzani makinawo muwerenge kachitsulo kakumbuyo. Pali mzere wa duty cycle, umene umanena kuti pa mphindi 10 zilizonse mungawotcherere zingati makina asanazime okha. Akalemba 20% pa 120A ndiye kuti mphindi 2 ntchito, 8 kupuma. Kwa ife a Loweruka zimenezi sizoopsa, nthawi yambiri timathera kuyeza, kudula ndi kugalayinda. Koma makina opanda kachitsulo kameneka asiyeni pomwepo.

Tsopano nkhani ya gasi, apa ndi pamene ndinaluza ine. Makina anga oyamba anali ofuna gasi basi ndipo wogulitsa sanandiuze kanthu, anangoti bwana awa ndi amphamvu. Kufika kunyumba ndi pamene ndinadziwa kuti pakufunika silinda ya CO2 kapena yosakaniza ndi argon, regyuleta, paipi, ndiye silindayo yolipira dipoziti komanso kukadzadzitsa kutawuni. Nditapeza zonsezo ndinaona vuto lina, ine ndimagwirira panja pansi pa mtengo wa mango, ndipo kamphepo ka mwera ka mu July kamauluza gasi yense amene amateteza msoko ku mpweya, msoko umatuluka wa timabowo ngati chisa cha chiswe, kungomenya ndi hamala n'kulekana. Ndinawagulitsa motchipa kwa mnyamata wina wowongola magalimoto, iye makinawo akumuthandiza chifukwa ali ndi shedi ndipo malata a galimoto amafunadi gasi ndi waya wa 0.6 mm.

Amene ndili nawo pano ndi a inveta, mtundu wopepuka uja, amalola waya wa flux core, uja wokhala ndi mankhwala mkati mwake, safuna gasi. Pa sipulu, chokulungira wayayo, amalemba E71T-GS, ine ndimagwiritsa wa 0.8. Amatulutsa utsi wambiri, amathetheka, ndipo pamsoko pamatsala chikhungwa chofunika kugogoda ndi kupala ndi burashi ya waya, koma mphepo saiopa kwenikweni. Kwa munthu wowotcherera kamodzi pamwezi ndikuti awa ndiye oyenera. Mukapeza olola zonse ziwiri, gasi ndi opanda gasi, komanso okhala ndi polumikizira marodi, tengani amenewo, tsiku limene waya wasowa mutha kubwerera ku marodi a 6013.

Pali kanthu kamodzi kamene ambiri sauzidwa. Waya wopanda gasi amafuna totchi, chogwirira chotulutsa waya chija, ikhale ku negetivu, chopanira cha efi chomwe chimagwira chitsulo ku pozitivu, pomwe wa gasi ndi mosemphanitsa. Tsiku loyamba ndinapeza makina atalumikizidwa mwa gasi, moto unkangophulika, timibulu ta chitsulo kumwazika mpaka m'nsapato, ndinatsala pang'ono kuwabweza. Bambo wina wachikulire amene anapuma pa ntchito yowotcherera anatsegula kachitseko ka pambali, anasinthanitsa mawaya awiri aja, anandiuzanso kuti totchi ndiziikoka osati kukankha, ndipo nthawi yomweyo phokoso linasintha n'kumamveka ngati usipa uli m'mafuta. Ndiye musanalipire onani ngati mawaya amenewo amatheka kusintha.

Funso lalikulu kwa wogulitsa lisakhale la mphamvu, likhale loti waya ndi matipi ndizikagula kuti? Tipi ndi kamkuwa kakumapeto kwa totchi komwe waya amatulukira, kamatha komanso kamamatirira, ndipo kakasowa makina onse ndi chokhalira basi. Gulani matipi angapo tsiku lomwelo. Funsani ngati makina amalowa sipulu ya 1kg yokha kapena ya 5kg yomwe, chifukwa tating'onoto timadula mukawerengera pa kilo. Tsegulani muone gudumu lokoka waya, la flux core limakhala ndi timano, ndipo ngati chonse chogwirira gudumucho ndi pulasitiki yofewa dziwani kuti waya azidzapiringizana mkatimo. Amene mumatumiza abale ku Joni kuti akuguliireni, auzeni aike matipi ndi sipulu mukatundu yemweyo. Ndikupemphanso eni mashopu, ikani kachitsulo ndi soketi pakhonde kuti munthu ayese asanalipire, kuyambira pamene kwacha inagwa ndi 44% mu November 2023 palibe amene ali ndi ndalama zoyesera mwayi.

Ekisitenshoni ikhale ya waya wonenepa wa 2.5, yaifupi, yotambasula yonse, osati ija yotchajira mafoni. Magetsi akafooka madzulo musakakamize, ndipo kajenereta kakang'ono ka mababu sikangakoke makinawa. Aluminiyamu sawotcherera ndi waya ameneyu. Zinthu zonyamula moyo wa munthu ngati ekisilo ya ngolo kapena chokokera thirela pitani nazo kwa amene anaphunzira ntchitoyi.

Ndipo chonde, pa bajeti yanu muikepo chigoba cha kumaso cha galasi la nambala 10 kapena 11 ndi magolovesi achikopa. Magalasi a dzuwa sateteza, ndinaonapo mnyamata wa neba akulira usiku wonse maso ngati athiramo mchenga chifukwa chongoonerera pafupi, ana muziwathamangitsa. Mapaipi a galavanaizi muzipala kaye, utsi wake woyera uja umadwalitsa. Mukamaliza ntchito chotsani sipulu muikulunge mujumbo n'kuika m'nyumba, nthawi ya dzinja ndinasiya yanga m'makina masabata atatu ndipo ndinaipeza yachita dzimbiri yonse.

Wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe