Mapiritsi olera apangozi azifika kumudzi maola 72 asanathe

Akonzi,

Tiloleni tiyankhulepo pa nkhani ya mapiritsi olera apangozi. Mayiko a mu Africa adagwirizana Pangano la Maputo, lonena za ufulu wa amayi, mu 2003, ndipo Malawi adalivomereza mu 2005. Ndime 14 ya panganoli imapatsa mayi ufulu wosankha njira yolera. Lamulo lathu la Gender Equality Act la 2013 likunenanso zomwezo, ndipo SADC ili ndi ndondomeko ya uchembere wabwino ya 2019 mpaka 2030. Zolembedwa zilipo zokwanira. Chikusowa n'chakuti mayi wa ku Nsanje amene kondomu yamuphulikira Lachisanu usiku apeze piritsi Lolemba lisanafike.

Mankhwalawa amathamangitsana ndi nthawi. Piritsi la levonorgestrel la 1.5 mg, kapena awiri a 0.75 mg monga a Postinor-2 omwera limodzi, limagwira bwino m'maola 72 oyamba. Mpaka masiku 5 lingathandizebe, koma mphamvu imanka nichepa. Ntchito yake ndi kuchedwetsa dzira kuti lisatuluke msanga. Ngati dzira latuluka kale, piritsili silithandiza, ndipo mimba yomwe yakhazikika silichotsa. Amene amalalikira kuti ndi mankhwala otayira mimba akusocheretsa anthu.

Zolakwika zambiri zimachitika pa tinthu tating'ono. Mayi akasanza pasanathe maola awiri chimwereni, amwenso lina. Amene ali pa rifampicin wa TB, efavirenz wa HIV, kapena carbamazepine ndi phenytoin a khunyu, chiwindi chake chimaphwanya levonorgestrel msanga, choncho amafunika 3 mg, kapena alandire lupu. Dolutegravir, mankhwala a HIV amene ambiri akumwa masiku ano, alibe vutoli. Msambo ukachedwa kupitirira masiku 7, akayezetse mimba. Piritsili silitetezanso kugonana kwa mawa lake, ngakhalenso HIV. Wogwiriridwa amafunikanso PEP, mankhwala oteteza kuti asatenge HIV, m'maola 72 omwewo.

Lupu ya kopa ikaikidwa pasanathe masiku 5 imateteza koposa 99 pa 100, n'kukhalanso njira yolera ya zaka zambiri, koma amayi ambiri sauzidwa n'komwe. Ndipo piritsi likatha pa chipatala, mayi asabwezedwe chimanjamanja: mapiritsi olera a tsiku ndi tsiku a Microgynon anayi tsopano, ena anayi pakatha maola 12, amathandiza, ngakhale amachititsa nseru kwambiri ndipo mphamvu yake n'njocheperako.

Tikupempha Unduna wa Zaumoyo kuti alangizi a zaumoyo m'midzi azikhala ndi mapiritsiwa m'zikwama zawo monga amachitira ndi jakisoni wa Depo. Azipezekanso usiku ndi kumathero a sabata, osati m'chipinda cha kulera chokha chomwe chimatsekedwa madzulo. Wogwiriridwa alandire kaye chithandizo, za kalata ya kupolisi zibwere pambuyo. Mtsikana akafika pa windo asafunsidwe ngati ali pabanja.

Kwa mabungwe olimbikitsa nkhaniyi m'chigawo cha SADC, pempho lathu ndi la amayi a geni odutsa pa Mwanza, Dedza, Mchinji ndi Songwe. Amagona m'misewu masiku angapo, kutali ndi chipatala chomwe amachidziwa. Zipatala za m'malire, mbali zonse ziwiri, ziziwathandiza osayang'ana chiphaso cha dziko, ndipo aziloledwa kutengeratu piritsi asanakwere basi ya ku Tete kapena Chipata.

Anamwino ndi azamba okhudzidwa,
Blantyre