Kwa Nabanda, ku Joni

Mnzanga Nabanda,

Kalata yako ndalandira. Kuno tili bwino, kungoti msana wa amayi wayambiranso, ndipo magetsi akungozimazima nthawi yophika. Ukwati wa mng'ono wako unayenda bwino, anthu anafupa ndithu, koma ine sindinadye bwino, ndipo wolakwa ndi alamu ako.

Iwowa anabwera ndi katuni ya ku Japan pa laputopu, dzina lake Spirited Away, ya Hayao Miyazaki, ya mu 2001. Akuti inapata mphoto yaikulu ya mafilimu ya Oscar mu 2003, ndipo mmene amanenera ungayese anakalandira ndi iwo. Muli kamtsikana ka zaka 10, Chihiro, kamene kakusamuka ndi makolo ake. Bambo ake asochera njira, alowa mu mphanga, natulukira pa malo odyera opanda mwini, zakudya zili mbwee. Makolowo angokhala pansi n'kuyamba kudya osaodira, ati tilipira mwini wake akabwera. Pofika madzulo onse awiri asanduka nkhumba.

Chionereni zimenezo, chitsirizira wanga wasanduka wapolisi wa m'mbale. Ndikangotsina mbamu, iye maso pa ine: "Amayi, mwapempha?" Ku ukwati kuja nditapita kukaonjezera mpunga anandikoka chitenje pamaso pa azimayi a mvano, akulira kuti ndisiye, makutu ayamba kukula. Anthu anaseka mpaka kugwetsa misozi. Pano akukana kudutsa pa khola la nkhumba la aneba, ati mwina imodzi ndi agogo ake a munthu. Dzana anapita kukaipatsa moni yaikulu ija, mogwada! Ukamabwera usadzanenepe, akakuona adzakuyeza mphuno.

Koma pali malo ena pamene ine ndinasiya kuseka. Kuti kapulumutse makolo, kamtsikanako kayenera kupempha ntchito kwa Yubaba, gogo wamatsenga mwini nyumba yomwe mizimu imabwera kudzasamba. Gogoyo amulemba ntchito, koma amulanda dzina n'kumusiyira kachidutswa chabe, Sen. Mnyamata wina wa pomwepo, Haku, amuchenjeza kuti akadzaiwala dzina lake lenileni njira ya kwawo sadzaipezanso. Iyeyo lake anaiwala kale. Anali mzimu wa mtsinje wa Kohaku, umene anthu anaukwirira kuti amangepo nyumba, ndiye kwawo kobwerera kulibe.

Apa ndinakumbuka zomwe walemba, kuti abwana ako lilime limawalemera ndiye anakupatsa dzina lina lalifupi, ndipo iwe umavomera. Walemba ngati nthabwala, ine tulo sindinatione. Kodi kumeneko alipo ngakhale mmodzi amene amakuitana ndi mfunda wako? Nanga kutchalitchi? Chihiro anakolopa, anasambitsa mzimu wonunkha mpaka kuutulutsa njinga ndi zinyalala m'thupi, koma kakalata kokhala ndi dzina lake anakasunga. Iwenso kolopa, ndalama zikufunika, denga la amayi ako likudontha, koma Khirisimasi ino usatipatsenso zifukwa za pasipoti.

Iii, ndalalikira ngati ndadzozedwa. Pepala likutha ndisanakuuze za mbuzi za atsibweni zomwe zinamaliza dimba la abusa. Nkhani yafika kwa amfumu, ndiye atsibweni m'malo mopepesa akuti mpandawo ndi umene