Makatuni akalewa akuwaphunzitsa chani ana athu?

A Mkonzi,

Ndiloleni ndidandauleko za makatuni akale omwe timayikira ana kuti akhale phee ife tigwire ntchito. Ineyo ndinkangoti Tom and Jerry ndi mphaka ndi khoswe basi, mulibe zotukwana mulibe zolaula, mpaka sabata yathayi.

Mwana wanga wazaka 6 amaonera Tom and Jerry pa flash yomwe tinakopetsa kumsika, ine ndili pambaula panja. Pena pake bomba linamuphulikira Tom kumaso, utsi utatha nkhope yonse bii, kwangotsala maso ndi chimlomo chachikulu chotuwa, mwana kuseka mpaka kugubuduka pamphasa. Mawa lake kunabwera msuweni wake amene ndi wakuda kwambiri, wokongola bwino, ndiye ndingomva akumukuwiza kuti "Tom waphulika, Tom waphulika!" Mnzakeyo anangozyolika nkukakhala kuseri kwa chitseko. Mtima unandipweteka zedi chifukwa pakhomo panga palibe anamuphunzitsapo kuti khungu lakuda ndi choseketsa.

Nthabwala imeneyi ili ndi kwawo. Ku America kuyambira zaka za m'ma 1800 azungu ankadzipaka zakuda kumaso, kujambula milomo ikuluikulu nkumavina pa siteji monyoza anthu akuda, amati blackface, ndipo ojambula makatuni anangozitola momwemo. Tom and Jerry inayamba 1940 tsankho lili pachimake, nchifukwa chake mulinso mayi wakuda uja Mammy Two Shoes, wonenepa, wolalata, amene timangomuona miyendo ndi masilipasi, nkhope pafupifupi osaionetsa ngati si munthu wathunthu. Makatuni ena ndiye amajambula ife a ku Africa kuno, fupa m'tsitsi, tikuvina mozungulira chimphika chophikira munthu.

Eni akewo amadziwa kuti zinalakwika. Mu 1968 makatuni 11 a Looney Tunes ndi Merrie Melodies anawachotsa pa TV chifukwa cha tsankho lomweli, ndipo mu 2014 kampani ya Amazon, yomwe imaonetsa mafilimu pa intaneti, inayamba kuika chenjezo la tsankho pa Tom and Jerry. Koma chenjezolo ndi la chizungu komanso pa flash ya kumsika kapena pa foni ya amalume silioneka nkomwe, mwana amangomeza zonse.

Anzanga ena akuti ndikukokomeza, "ifenso tinakula tikuonera zomwezo, tinafa?" Sitinafe inde. Koma m'ma 1940 momwemo akatswiri a zamaganizo Kenneth ndi Mamie Clark anaonetsa ana akuda a ku America zidole zoyera ndi zakuda, ambiri anasankha choyera kuti ndiye chabwino, ena mpaka kuloza chakuda kuti ndi choipa pomwe chikufanana ndi iwo eni. Mwana satola maganizo otere tsiku limodzi, amatola pang'onopang'ono uku akuseka. Ndiye tikaona atsikana athu akulimbana ndi mafuta oyeretsa khungu tisamangoti ndi fashoni.

Sindikuti tiwotche makatuni onse ayi, ambiri ndi osangalatsa ndithu. Pempho langa kwa ma TV athu ndi lakuti aziyamba awaonera asanawaulutse, ndipo makolo anzanga tizikhalako pansi ndi ana olo mphindi khumi tione chomwe akusekacho. Flash ija sindinataye. Timaonera limodzi, pakafika poteropo ndimaimitsa nkumufunsa kuti akusekedwa apa ndani, ndipo Loweruka ndikumutenga akapepese kwa msuweni wake.

Mayi wokhudzidwa,
Area 25, Lilongwe