Usasayine usanamvetse ndime ya apilo

Mwana wanga wokondedwa,

Amayi ako sakugona tulo chiimbire foni iwe Lamlungu lija. Wati woimira boma pamlandu wako kukhoti la federal, la boma lalikulu la America, akufuna kukuchotsera milandu iwiri ukavomera umodzi, ndipo loya wako akuti usayine sabata ino. Chonde, dekha kaye.

Zaka zimene ndinali womasulira m'khoti ndinaona anthu ambiri akunena kuti "ndavomera" maso ali pansi, atatopa, akungofuna kuti zithe. Bambo wina anandigwira mkono pakhomo atangogamulidwa, manja akunjenjemera, n'kundifunsa ngati angabweze mawu ake. Ndinalibe chomuyankha.

Ku America kumeneko sizodabwitsa, pakuti milandu yoposa 90 pa 100 iliyonse imene munthu amapezeka wolakwa m'makhoti a federal imathera pa kuvomera. Koma pepala la plea bargain, mgwirizano wovomera mlandu umene akufuna usayinewo, nthawi zambiri limakhala ndi ndime yonena kuti ukutaya ufulu wochita apilo, ngakhale chilango chitakhala chowawa kuposa mmene umayembekezera. Woweruza adzakufunsa ngati waimvetsa, ndipo "inde" wako adzalembedwa. Komanso kungovomera mlandu kumatseka madandaulo ambiri a zimene zinachitika m'mbuyo. Nkhani ija yoti apolisi anasecha galimoto yako popanda chilolezo ikhoza kufera pomwepo. Funsa loya za conditional plea: umavomera, koma n'kusunga mfundo imodziyo mwa kulemba kuti udzakachite nayo apilo. Pamafunika kuti boma ndi woweruza alole, koma kufunsa sikulipiritsa.

Chimene chikundiwawa kwambiri ndi green card yako, chiphaso chokulola kukhazikika ku America. Jose Padilla, wochokera ku Honduras, anakhala ku America movomerezeka zaka zoposa 40, anamenyanso nawo nkhondo ku Vietnam. Loya wake anamuuza kuti asadandaule za kuthamangitsidwa m'dziko, iye n'kuvomera mlandu wa chamba, kenako n'kupeza kuti mlanduwo ndi wothamangitsitsa. Mu 2010 Khoti Lalikulu la dzikolo linagamula kuti loya ayenera kuuza munthu wosakhala nzika za chiopsezo chimenechi. Ndiye ufunse loya wako mosapita m'mbali ngati mlanduwu ungakuthamangitsitse m'dziko, ndipo yankho akulembere. Ukaonanenso ndi loya wa za immigration, malamulo olowera ndi kukhala m'dziko, ndalama zake tigulitsa mbuzi zija.

Ngakhale utasayina, khomo silitsekeka lonse. Ungadandaulebe ngati unavomera mokakamizidwa kapena mosamvetsa, kapenanso ngati boma laphwanya lonjezo lake. Mu 2019, pamlandu wa munthu wina dzina lake Garza ndi boma la Idaho, chigawo china cha America, khoti lomwelo linati ukauza loya kuti apereke chidziwitso cha apilo, ayenera kutero ngakhale unasayina ndime ija. Masiku ake ndi 14 okha chigamulo chikalembedwa, choncho ulembe tsiku lomaliza pakhoma.

Unditumizire chithunzi cha pepalalo pa WhatsApp, tsamba lililonse, tiliwerengere limodzi Lachinayi usiku. Amayi ako akuti uzidya.

Ndine bambo ako.