Uthenga wa pa wailesi sudikira nsanja ya foni

A Mkonzi,

Ndiloleni danga kuti ndiyankhulepo pa nkhani imene sindiimva ikutchulidwa akuluakulu akamakambirana zokonzekera ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndiyo ya mawailesi a anthu wamba otumizirana mauthenga olembedwa, amene eni luso lake amawatchula kuti packet radio. Tonse tikukumbukira mwezi wa Malichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anasakaza Blantyre, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu. Kuno ku Lilongwe mvula ija sinatipweteke ngati anzathu a kummwera, koma ambiri tinagona masiku tili chigwirire foni m'manja, tikuimbira abale amene nambala zawo sizinkapezeka. Chaka cha 2022 nakonso namondwe wa Ana anawononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa miyezi yambiri. Nsanja ya foni imadya magetsi usana ndi usiku, ndipo magetsi akazima, mabatire akatha, msewu wobweretsera dizilo wa jenereta utaduka, foni yodula imasanduka tochi.

Packet radio si chinthu chatsopano, ndipo sindikufuna kuti owerenga aganize kuti ndikuwatsatsa zodabwitsa. Okonda mawailesi a ku Montreal, m'dziko la Canada, anayamba kuyesa njirayi mu 1978, ndipo pofika 1984 panali patakhazikika dongosolo lotchedwa AX.25, lomwe likugwirabe ntchito mpaka lero. Kagwiridwe kake n'kosavuta kumvetsa. Uthenga umene munthu walemba pa kompyuta umadulidwa m'timaphukusi, ndipo kaphukusi kalikonse kamanyamula dzina la siteshoni yotumiza, dzina la siteshoni yolandira, mawu enieniwo, komanso nambala yoti wolandira atsimikizire nayo kuti palibe chilembo chimene chasokonekera m'njira. Masiteshoni awiri akalumikizana, kaphukusi kofika kolumala sikavomerezedwa, ndiye wotumiza amakatumizanso mpaka kafike kamphumphu. N'chimodzimodzi ndi mayi amene akutumiza katundu pa basi m'timatumba tambiri, katumba kalikonse atakalemba dzina lake ndi la wolandira, kuti kamodzi kakasowa asachite kutumizanso katundu yense.

Pa mafunde a VHF, amene mawailesi ambiri a m'manja amagwiritsa ntchito, timaphukusiti timayenda ngati kulira kwa mawu awiri osinthanasinthana, ena a 1200 Hz, ena a 2200 Hz, pa liwiro la 1200 baud. Ndivomere msanga kuti liwiro limeneli ndi la kamba. Ngakhale zinthu zitayenda bwino chotani, silipitirira zilembo 150 pa sekondi, choncho wofuna kutumiza kanema wa ukwati aiwale. Koma uthenga wonena kuti mlatho wakuti wakokoloka, pasukulu yakuti pathawira mabanja angapo, pakufunika mankhwala otsukira madzi ndi mapepala apulasitiki, umatha m'masekondi ochepa, ndipo umafika wolembedwa, osati wongomvera m'makutu pakati pa phokoso n'kuyamba kufunsana kuti mwati makumi atatu kapena asanu.

Zipangizo zake ndi zimene zimandilimbitsa mtima kwambiri, chifukwa ndazigwira ndi manja anga. Kale pamafunika kabokosi kapadera kotchedwa TNC, kokhala pakati pa wailesi ndi kompyuta, ndipo kotchuka kwambiri kanali TNC-2 kamene gulu la okonda mawailesi la TAPR la ku Tucson, ku America, linatulutsa mu 1985. Lero ntchito ya kabokosiko imagwiridwa ndi pulogalamu yaulere monga Dire Wolf, yomwe imayenda ngakhale pa kakompyuta ka Raspberry Pi. Kwanga ku Area 25 ndili ndi laputopu yakale yothothoka mabatani awiri, wailesi ya m'manja, batire lolandira moto kuchokera ku sola, ndi eriyo imene ndinapanga ndekha ndi timawaya takopa totalika pafupifupi masentimita 50, n'kuikweza pansungwi kuseri kwa nyumba. Tsiku loyamba kuiyesa, mdzukulu wanga anamva wailesi ikulira kuti tsriii, ngati nkhululu, anafunsa ngati yapsa. Asanamalize kufunsa, pa laputopu panali patatuluka moni wa mnzanga wa mbali ya ku Likuni, ndipo madzulo amenewo dera lathu lonse linali mumdima. Sizinatheke ulendo umodzi wokha ayi. Sabata yathunthu timaphukusi tanga sitinkamveka chifukwa ndinakweza kwambiri mawu ochokera m'kompyuta kupita ku wailesi, ndipo aliyense woyamba kumene adzapunthwa pomwepo.

Vuto la mafunde a VHF n'lakuti amayenda molunjika, safika kutali kuseri kwa phiri. Mankhwala ake ndi siteshoni yobwereza mauthenga, digipeater, imene imamva kaphukusi n'kukaulutsanso nthawi yomweyo. Apa Mulungu anatikondera, pakuti chigawo chapakati chili ndi mapiri oima paokha pakati pa chidikha. Aliyense amene anakwerapo phiri la Bunda kapena la Nkhoma akudziwa kutalika kwa dera limene maso amafika, ndipo phiri la Dedza lokha n'lopitirira mamita 2,000. Kawailesi kamodzi, sola imodzi ndi batire pamwamba pa mapiri oterewa zikhoza kupatsirana uthenga kuchokera ku Lilongwe kulowera kummwera, popanda waya ngakhale umodzi. Pa maziko omwewa pali APRS, njira imene Bob Bruninga wa ku America anayambitsa, yoonetsa pamapu pamene siteshoni ili ndi kutumiza timauthenga tatifupi, ndipo palinso Winlink, yotumizira imelo kudzera pa wailesi, yomwe pa mafunde ofika kutali otchedwa HF imatha kulumpha malire a dziko n'kukatulukira kumene intaneti ikugwira. Ngakhale siteshoni ya asayansi ya m'mlengalenga, International Space Station, imene imazungulira pafupifupi makilomita 400 pamwamba pathu, nthawi zina imabwereza timaphukusi pa 145.825 MHz, ndipo ndikuganiza kuti mwana wa sukulu amene angaone uthenga wake utabwerera kuchokera kumeneko sangadanenso ndi phunziro la sayansi.

Tsopano ndifike pa malamulo, pomwe pagona mtima wa kalata yanga. Masiku ano mawailesi a m'manja, aja tinazolowera kuwaona ndi apolisi ndi alonda, akugulitsidwa motchipa, ndipo anyamata ambiri akuwagula n'kuyamba kudinadina osadziwa kuti ali pa mafunde a yani. Wailesi yotero imatha kutumiza pa mafunde amene si a anthu wamba, ndipo munthu akhoza kusokoneza ambulansi kapena ogwira ntchito zachitetezo iye akuyesa masewera. Mafunde ali ngati dimba la mudzi, aliyense ali ndi ndime yake. M'dziko muno amene amagawa mafunde ndi kupereka ziphaso ndi bungwe la MACRA, ndipo wolandira chiphaso amapatsidwa dzina la siteshoni loyamba ndi 7Q, chizindikiro cha Malawi padziko lonse. Chigawo cha dziko lapansi chimene tilimo, pamodzi ndi Ulaya, chinapatsa okonda mawailesi ndime ya 144 mpaka 146 MHz, kuwonjezera pa ndime zina.

Malamulo a ITU, bungwe la dziko lonse loyang'anira mafunde a wailesi, amanena zinthu zimene ena amaziona ngati zopinga, koma ine ndimaziona ngati mpanda wotiteteza. Siteshoni iyenera kutchula dzina lake pafupipafupi, ndipo ubwino wa AX.25 ndi wakuti dzinalo limakhala pa kaphukusi kalikonse, moti wotumiza bodza sangabisale mosavuta ngati mmene zimakhalira ndi mauthenga ongopatsirana pa WhatsApp. Mafundewa si ochitirapo malonda kapena kupezerapo phindu. Komanso polankhulana ndi masiteshoni a mayiko ena saloledwa kubisa tanthauzo la uthenga, kotero aliyense wokhala ndi wailesi akhoza kuwerenga zimene zikudutsa. Lamulo lomalizali lili ndi mtengo wake, ndipo sindibisa: mayina a odwala ndi nkhani za ndalama siziyenera kudutsa pamenepo, choncho achipatala sangatsamire njirayi pa chilichonse. Koma malamulo omwewo, kuyambira msonkhano wa ITU wa 2003, anasiyira dziko lililonse kusankha ngati likufunabe mayeso a Morse (kutumiza zilembo ndi timawu tatifupi ndi tatitali), ndipo amalimbikitsa maboma kulola okonda mawailesi kukonzekera ndi kuthandiza pa nthawi ya ngozi.

Pempho langa kwa a MACRA n'lakuti njira yopezera chiphasochi ilengezedwe poyera, m'Chichewa ndi m'zinenero zina, mtengo wake ukhale woti mwana wa sukulu angaufikire, ndipo makalabu a m'sukulu aziloledwa kuphunzira pansi pa munthu mmodzi wachiphaso. Kwa a nthambi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, DoDMA, ndikupempha kuti poyeserera zokonzekera mvula aziitanako anthu ochepa amene ali ndi lusoli, aone okha zimene lingathe ndi zimene silingathe, chifukwa siteshoni imene sinayesedwepo m'chilimwe siyidzagwira ntchito tsiku la chigumula. Sukulu ya ukachenjede ya LUANAR ili m'tsinde mwenimweni mwa phiri la Bunda, ndipo ophunzira ake angathe kusamalira siteshoni yobwereza mauthenga pamwamba pake, kupukuta sola ndi kuyang'anira batire, njira yothana ndi akuba ikapezeka, popeza sola yosiyidwa yokha paphiri sichedwa kumera miyendo.

Ngati pali mphunzitsi wa sayansi mumzinda uno amene angafune kuti ana ake amve kulira kwa nkhululu ija ndi kuona uthenga ukutuluka pa laputopu, andipeze kudzera kwa inu, a Mkonzi. Nsungwi ndi batire ndidzanyamula ndekha.

Ine wowerenga wanu,
Area 25, Lilongwe